Kukongoletsa M'nyumba ndi Penti wa Mtundu wa Dothi

Mau a Mlembi wa Mvano pa tsiku la chikondwerero chathu ku Soche

 Komiti inandipatsa mutu woti ndilankhulepo lero, ndipo mutuwo ndi wa kasamalidwe ka pakhomo, makamaka kukongoletsa m'kati mwa nyumba ndi penti wa mtundu wa dothi, uja ambiri timati bulauni, ena amati mtundu wa khofi.

Kapena wina afunsa mumtima kuti, kodi nkhani ya penti yadzatani pa tsiku lalikulu ngati lino? Amayi, buku la Miyambo mutu 14 ndime 1 limatiphunzitsa kuti kuima kapena kugwa kwa nyumba kuli m'manja mwa mkazi wa pakhomopo. Tsono masiku ano mtundu umenewu wafala m'nyumba zambiri, ndipo pamene tikugula ndi kupaka pali zinthu zitatu zimene ziri pangozi ngati sitisamala: ndalama za banja, thanzi la ana athu, ndi mtendere wa m'nyumba. N'chifukwa chake ndapempha kuti mundibwereke makutu anu kwa kanthawi.

MTUNDUWU SI WACHILENDO

Choyamba tidziwe kuti mtundu umenewu sunabwere ndi masitolo. Amayi athu kumudzi ankalawira m'mamawa ndi dengu kukakumba mtsiro kudambo, nabwera kudzazira pansi ndi pakhonde, kenaka n'kukulunga ndi mwala wosalala mpaka pansi pachita kung'anima. Makoma ankawamata ndi dothi la pachulu. Pofuna kukometsa ankatenga katondo wofiira, makande akuda ndi dothi loyera, n'kulemba mizere ndi maluwa m'mbali mwa chitseko. Khirisimasi ikayandikira, mayi amene sanazire nyumba yake ankachita manyazi kulandira mlendo.

Chimene chimafiiritsa katondo ndi dzimbiri la chitsulo limene liri m'dothimo. Dzimbiri lomwelo ndi limene liri mu okusaidi uja amisiri amasakaniza ndi simenti pofuna kuti pansi pafiire, ndipo opanga penti amaligwiritsanso ntchito popanga bulauni. Ngakhale Azungu anayambira kudothi komweko, pakuti bulauni wina wotchuka amatchedwa ndi dzina la mzinda wa Siena ku Italy, kumene ankakumba dothi lake. Mtundu wochokera kudothi suthawa msanga ndi dzuwa. Umboni wake uli m'mapanga a ku Chongoni, m'boma la Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula za makolo pamiyala, zofiira ndi zoyera, ndipo mu 2006 a UNESCO anaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi.

Chitsanzo china chiri pafupi, ku Mishoni ya Blantyre. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi Mbusa David Clement Scott, ndi manja a anthu akuno, ndipo njerwa zake anaumba ndi kuotcha konkuno. Mukadzapitako mudzayang'anitsitse. Makoma ndi a mtundu wa dothi lootcha, koma pamwamba pali zoyera, ndipo zoyerazo ndi zimene zimachititsa kuti njerwazo zioneke bwino. Phunziro limeneli mulisunge, tilifuna kutsogoloku.

UBWINO WAKE

Tonse tikudziwa pfumbi la kuno m'miyezi ya Ogasiti, Sepitembala ndi Okutobala, ndi matope a m'dzinja. Khoma loyera silichedwa kuda. Mwana akachokera koseweretsa dothi amayamba wagwira khoma asanagwire madzi, ndipo utsi wa mbaula nao umasiya chizindikiro chake. Khoma la mtundu wa dothi limapirira zonsezi, chotero mayi sapaka penti chaka ndi chaka.

Ubwino wachiwiri ndi wakuti mtunduwu umagwirizana ndi katundu amene tiri naye kale. Mipando ya mlombwa kapena ya mbawa, mkeka, mphasa, lichero lopachika pakhoma, mtsuko wa maluwa, ndi tinsalu toluka tija timayala pamipando, zonsezi zimakhala ngati za pa chibale. Simufunika kugula katundu watsopano kuti pabalaza paoneke bwino.

Koma bulauni ali mitundumitundu. Wina amapendekera kofiira kapena kuchikasu, ngati tiyi wothira mkaka kapena mphika wootcha kumene, ndipo ameneyu ndiye amachititsa chipinda kuoneka chofunda ndi cholandira alendo. Wina amapendekera kotuwa kapena kobiriwira, ngati madzi a m'chithaphwi, ndipo m'nyumba amaoneka wozizira ndi wachisoni. Posankha funani woyamba uja.

KUOPSA KWA MDIMA

Nyumba zambiri za kuno ku Soche, ku Nkolokosa, ku Chitawira, ku Zingwangwa ndi ku Kanjedza zinamangidwa ndi a Malawi Housing Corporation, bungwe limene linayamba mu 1964. Zina tinamanga tokha monga mwa mphamvu zathu. Zambiri mwa nyumbazi zipinda zake ndi zazing'ono, mazenera akenso ndi aang'ono. Khoma loyera limabweza kuwala, koma khoma lodera limameza kuwala. Mukapaka bulauni wakuda makoma onse anayi, chipinda chimachepa m'maso, masana mumafuna kuyatsa getsi, ndipo usiku magetsi akazima kandulo imodzi siikwanira. Mwana wa sukulu amavutika kuwerenga, agogo amapunthwa pa mpando. Kumbukiraninso kuti udzudzu umakonda kubisala m'malo a mdima, ndipo pakhoma lodera simungauone msanga.

Tsono njira zake ndi izi. Siling'i ikhale yoyera nthawi zonse, monga tinaonera ku Mishoni kuja. Ngati nyumba iribe siling'i, mbali ya pamwamba ya khoma ikhale yowala. Njira yachiwiri ndi ija timaiona m'sukulu ndi m'zipatala: kupaka bulauni m'munsi, kuchokera pansi kufika mita imodzi kapena kupitirira pang'ono, pamene pamafika manja a ana ndi misana ya mipando, ndipo pamwamba pake kupaka kirimu kapena woyera. Mzere wake muukoke ndi chingwe, musayerekeze ndi maso. Njira yachitatu ndi kupaka khoma limodzi lokha, lija limayang'anana ndi chitseko kapena limene mumakolekapo zithunzi za banja, enawo n'kukhala owala. Kuchipinda kwa ana ndi kukhitchini ikani mtundu wopepuka, wonga tiyi wochuluka mkaka. Makatani akhale owala, pakuti katani yakuda pakhoma lakuda imasandutsa pabalaza kukhala phanga.

Musakhulupirire kapepala ka mitundu kamene amakuonetsani m'sitolo. Penti akauma pakhoma saoneka monga amaonekera m'chitini. Yambani mwapaka kachigawo kakang'ono, mukayang'ane m'mawa, masana ndi usiku getsi litayaka, pakuti babu loyera ndi babu lachikasu amaonetsa khoma mosiyana. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

KHOMA LIYAMBE LACHIRA

Makolo anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Penti sachiritsa khoma lodwala, amangolibisa kwa miyezi yowerengeka. Ife a kuno tikudziwa bwino mphamvu ya madzi. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, ndipo ku Chilobwe ndi ku Manja tinataya abale ndi alongo ambiri. Mulungu apitirize kutonthoza mabanja ao. Nyumba zambiri zimene zinatsala zinamwa madzi, zina zinang'aluka. Mng'alu waukulu, wolowa chala, kapena umene ukunka nukula, usatsekedwe ndi penti iyayi. Itanani mmisiri wodziwa aone maziko, pakuti pamenepo pali moyo wa anthu ogona m'nyumbamo.

Khoma likamatuluka zoyera ngati mchere m'munsi, kapena penti akamatupa ndi kusupuka, ndiye kuti chinyontho chikukwera kuchokera pansi. Yambani mwakonza ngalande kuti madzi a padenga asaime m'mbali mwa nyumba, ndipo malata odontha akonzedwe. Pamene pamera nkhungu yakuda tsukani ndi madzi othira Jik pang'ono, mazenera ali otsekula, ndipo musasakanize Jik ndi mankhwala ena. Bulauni amabisa nkhungu kuposa penti woyera, chotero mayi akhoza kukhala ndi khoma lonyowa osadziwa, ana n'kumangotsokomola.

Pulasitala watsopano apatsidwe masabata anayi kuti aume bwino asanalandire penti. Nyengo yabwino yopaka ndi pamene mvula yatha ndipo chiperoni cha mu Juni ndi Julaye chadutsa. M'dzinja penti amachedwa kuuma. Mu Okutobala pakani m'mawa kusanatenthe. Musanapake, palani penti wakale amene akusupuka, tsekani timabowo ndi fila, tsukani mafuta ndi mwaye makamaka kukhitchini, ndipo khoma liume. Kukonza khoma kumatenga nthawi yaitali kuposa kupaka kwenikweniko, koma ndi kumene kumasunga penti zaka zambiri.

KUGULA MOWERENGERA

Penti wa m'nyumba ali pawiri. Pali wa madzi, amene pachitini amalemba kuti PVA, ndipo pali wa mafuta, wonyezimira uja amati gulosi. Wa madzi ndi wa makoma ndi siling'i, sanunkha kwambiri, amauma m'maola owerengeka, ndipo burashi mumatsuka ndi madzi. Wa mafuta ndi wa zitseko, mafelemu ndi zitsulo za m'mazenera, amasungunulidwa ndi thinazi, ndipo mumadikira mpaka mawa lake musanabwereze. Awiriwa sasakanizidwa. Ngati khoma linali ndi gulosi kale, wa madzi sagwira pokhapokha mutayamba mwakwecha ndi kupaka woyambira uja amati andakoti.

Katundu anakwera mtengo kwambiri kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chotero tisagule mongoganizira. Tiyeni tiwerengere limodzi. Chipinda cha mamita 3 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi, kuzungulira makoma ake onse ndi mamita 12. Ngati khoma ndi lotalika mamita awiri ndi theka, tichulukitse 12 ndi 2.5, tipeza masikweya mita 30. Tichotsepo 3 a chitseko ndi zenera, atsala 27. Penti amapakidwa kawiri, ndiye kuti 54. Lita imodzi ya penti wa madzi pakhoma losalala imakwana masikweya mita 8 mpaka 10, chotero chipindachi chifuna malita 6 kapena 7. Apa mwaona kuti chitini chimodzi cha malita 5 sichikwana, ndipo ngati zipinda ziri zitatu ndi bwino kugula ndowa ya malita 20. Khoma lokhakhala kapena latsopano limamwa koposa apa. Werenganinso zimene alemba pachitinipo, kapena mwana wa sukulu akuwerengereni.

Ngati mukusakaniza nokha, thirani bulauni pang'onopang'ono mu woyera, osati woyera mu bulauni, chifukwa wodera ndi wamphamvu ndipo mungathe ndowa yonse ya woyera musanafike pamene mukufuna. Sakanizani wokwanira chipinda chonse nthawi imodzi, pakuti mawa simudzaupezanso mtundu womwewo. Musachulutse madzi pofuna kuti penti achuluke, mapeto ake mupaka kanayi m'malo mwa kawiri. Yambani siling'i, kenaka makoma kuchokera pamwamba kutsika m'munsi, zitseko ndi mazenera pomalizira. Wotsala mumutseke bwino, adzakuthandizani kufufuta zipsera.

ZA THANZI LA ANA

Apa ndipempha kuti amene akuodzera adzuke. M'penti wina wa mafuta opanga ankathiramo mtovu, umene pa Chingerezi amati lead, kuti mtundu uwale ndi kuti aume msanga. Umapezeka kwambiri m'penti wachikasu, wofiira ndi wa mtundu wa lalanje, ndipo mitundu imeneyi ndi yomwe ena amasakaniza pofuna bulauni. Mtovu suoneka, sununkha, koma ukalowa m'thupi la mwana umaononga ubongo, mwana n'kumavutika kugwira za kusukulu moyo wake wonse. Umavulazanso mwana amene ali m'mimba. A bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO amanena kuti palibe muyeso wa mtovu m'thupi umene tingati ndi wosaopsa, ndipo malire amene a United Nations amalangiza maiko ndi magawo 90 okha pa magawo 1,000,000 a penti.

Kuno kwathu, kuyambira 2020 bungwe la Lead Exposure Elimination Project linayeza penti wa m'masitolo ndipo linapeza mtovu wochuluka m'zitini zambiri za penti wa mafuta. Linagwira ntchito pamodzi ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo poyezanso mu 2023 anapeza kuti penti wotere wachepa kwambiri pamsika. Tiyamike pamenepo. Koma penti amene anapakidwa kale pazitseko ndi m'mazenera athu akadali pomwepo.

Tsono chitani izi. Pogula penti wa mafuta funsani wopanda lead, ndipo onani chizindikiro cha MBS pachitini. Penti wopungulira m'mabotolo, wopanda dzina, musiyeni ngakhale atchipe. Pokwecha penti wakale nyowetsani kaye kuti pasabuke pfumbi, ana ndi amayi oyembekezera atuluke, ndipo zopalidwazo muzikolope ndi nsanza yonyowa, musasese ndi tsache. Mwana wokwawa amatola tizidutswa ta penti n'kuika m'kamwa, chotero pansi pakhale posamalika. Matabwa opaka penti musasonkhere moto wophikira. Chitini chimene munali penti wa mafuta musasungiremo madzi akumwa, ufa kapena thobwa. Thinazi asayandikire mbaula kapena kandulo, ndipo asaikidwe m'botolo la zakumwa pamene mwana angafikire. Chipinda chopaka gulosi chikhale chotsekula mazenera, musagonemo mpaka fungo litatha.

MTENDERE WA M'NYUMBA

Amayi anzanga, mutu umodzi susenza denga. Nkhani ya penti muyambe mwakhala pansi ndi abambo a kunyumba, mugwirizane za mtundu ndi za ndalama. Si bwino kuti bambo achoke m'mawa nyumba iri yoyera, pobwera madzulo apeze yasanduka ina, ndalama ya ndiwo itapita. Inunso abambo, mayi akakuuzani maganizo ake mumvereni, pakuti iye ndi amene amakolopa ndi kutsuka makomawo.

Amene tiri m'nyumba za lendi tipemphe chilolezo kwa eni nyumba, ndipo tigwirizane poyera ngati ndalama ya pentiyo idzachotsedwa pa lendi kapena iyayi. Ndi bwino kulemberana pa pepala pali mboni. Ambiri adandaula atakongoletsa nyumba ya eni, mwezi wotsatira n'kuuzidwa kuti lendi yakwera chifukwa nyumba yakongola. Dziwaninso kuti kubwezera woyera pamwamba pa bulauni wakuda kumafuna kupaka katatu kapena kupitirira, ndipo eni nyumba ena amafuna zimenezo pa tsiku lotuluka.

Chinanso ndi mpikisano. Mnzathu akapaka pabalaza pake, tisathamangire katapila kapena kukatenga ngongole ku banki m'khonde pamene fizi ya mwana sinalipidwe. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Chaka chino pabalaza, chaka chamawa kuchipinda. Ndipo tikapita kukacheza kwa mnzathu amene makoma ake ndi osapaka, maso athu asamayendeyende m'zipupa. Tapita kukaona munthu.

AMENE ALIBE NDALAMA YA PENTI

Pakati pathu pali amayi amene nyumba zao ndi za zidina kapena zomata ndi dothi. Musadzione ngati otsalira. Kunena zoona, khoma la dothi silifuna penti wa mafuta, chifukwa amatsekera chinyontho m'kati ndipo amasupuka ngati khungu la njoka. Chimene chimayenera pamenepo ndi laimu, pakuti amalola khoma kupuma. Mukasefa katondo bwinobwino, kapena mukagula okusaidi pang'ono, n'kuthira mu laimu wosungunula, mupeza mtundu wokoma wonga wa mphika watsopano. Laimu amaotcha, chotero tetezani maso ndi manja. Ndipo kuzira ndi mtsiro sikunathe ntchito. Nyumba yozira bwino, yosesedwa, ya mphasa yoyera, imaposa nyumba ya penti wodula imene m'ngodya zake muli akangaude.

Pomaliza ndiri ndi pempho kwa Mayi Wapampando ndi kwa inu nonse. Ife a Mvano timadziwika ndi kuyendera odwala, kutonthoza ofedwa ndi kusamala nyumba ya Mulungu. M'miraga yathu muli agogo ndi amayi amasiye amene makoma ao sanaone laimu kapena mtsiro kwa zaka zambiri, ndipo ena ndi omwe aja anavutika ndi madzi mu 2023. Pafupifupi nyumba iriyonse imene yapaka penti imatsala ndi malita awiri kapena atatu amene amangouma kuseri kwa chitseko. Bwanji mlaga uliwonse usonkhanitse penti wa madzi wotsalayo, tiwonjezerepo thumba la laimu, ndipo mvula isanayambe tisankhe nyumba imodzi ya wokalamba, tikaikonze? Mitundu yosiyanasiyana ikasakanizidwa mu ndowa imodzi kawirikawiri imatulutsa mtundu wa dothi womwewu, ndipo ukatuwa tidzathiramo wofiira pang'ono. Achinyamata athu adzakwera pa makwerero, ife tidzakonza m'munsi ndi kuzira pakhonde. Tsikulo yunifolomu yathu yoyera tidzaisiye kunyumba, tidzavale zitenje zakale. Amene ali okonzeka andipeze tikatuluka muno kuti ndilembe maina ao m'buku.

 Ambuye adalitse Mvano wathu ndi mabanja athu onse.